Envulopu ya ku Salta

Rosmery anachenjeza mwezi wa Malichi, tsiku limene envulopu yoyamba inatuluka m'nyumba muja. Ananena kuti ndalama yowoloka mtsinje wa pamalire isamayende m'thumba la munthu mmodzi popanda wina wodziwa kuti yachoka zingati ndipo yafika zingati. Koma ananena chapansipansi, nkhope ili kumbale zimene ankatsuka, ndipo palibe anamuyankha. Tsopano unali Okutobala, ndipo apongozi ake aamuna, Don Hilarión, anali kumenya tebulo ndi chipewa chawo mpaka makapu kumalira.

"Mapeso 70,000 pa mwezi, munthu mmodzi, n'kumati sizikukwanira," anatero. "Ine chibadwire sindinagwirepo 70,000 ya kanthu kalikonse. Ngakhale anyezi amene, sindinazulepo ochuluka chotero."

Akazi awo, Doña Eulogia, anayesa kunena kuti mwina tsidya lija zinthu zakwera, popeza wailesi imanena zimenezo tsiku ndi tsiku. Don Hilarión anawadula pakamwa.

"Zakwera, nanga ndalama yake sinakwere? M'Malichi tinatumiza maboliviyano athu 1,400, iye analandira mapeso a kumeneko 40,000. Lero tikutumiza 1,400 yomweyo, akulandira 70,000. Ndalama ikuswana panjira ngati mbira, mwiniwake n'kumalirabe njala. Njala yake iti? Ili ndi milomo yopaka zofiira njala imeneyo. Kompadire waiona ndi maso ake."

Rosmery anali ataima pakhomo la khitchini, Nayeli ali kumsana. Anayamba kumugwedeza mwanayo ngakhale sankalira.

Wokambidwayo anali Limbert, mwamuna wake. Chinali chaka chake chachitatu, chomaliza, pa sukulu ya unamwino ku Salta, m'dziko la Argentina. Zaka ziwiri zoyambazo ankadzidyetsa yekha ndi ganyu ya zomangamanga, koma chaka chino ankaswera m'chipatala osalandira kanthu, ndiye banja linagwirizana zomuthandiza. Anyezi a Don Hilarión, tchizi cha mkaka wa mbuzi cha Doña Eulogia, mahuminta, zigumu za chimanga chachiwisi, amene Rosmery ankakulunga m'makoko a chimanga n'kukagulitsa ku Padcaya Loweruka lililonse, zonse zinkathera mu envulopu imodzi. Onyamula anali Don Nicanor, a lole yobiriwira, amene ankapita ku Salta mwezi ndi mwezi kukapikula katundu. Ndiwo anali nkhoswa ya ukwati wa Rosmery ndi Limbert, ndiwo analipira oimba, ndiwonso anagwira Nayeli pa ubatizo. Don Hilarión ankawaitana kuti kompadire, Rosmery ndi Limbert ankati padirino. Munthu wotere sapemphedwa lisiti.

Dzulo lake Don Nicanor anali atadutsa pakhomopo. Anakana mpando, anakanda m'mutu, n'kunena kuti iwo sakonda kunyamula nkhani koma mtima sukuwalola kubisa. Atapita kukasiya ndalama, anaona mkazi akutuluka m'chipinda cha Limbert atanyamula mbale.

Ndiye lero Don Hilarión anagamula. Envulopu ya kutha kwa mweziwo ikhala yomaliza. Limbert alipire lendi, akwere lole ya padirino wake, abwere adzagwire khasu.

"Bambo, mayeso ake ndi a Disembala," anatero Rosmery. "Yangotsala miyezi iwiri. Tikanafunsa kaye bwino."

"Kufunsa yani, make Nayeli? Si iwe unakwera kuchitunda cha kutchalitchi ndi foni yako kukawerengetsa kompadire ngati wakuba mbuzi? Unapeza chiyani?"

Rosmery anazolika. Zinali zoona. M'Epulo anakwera kuchitunda chija, malo okhawo amene foni imagwira bwino m'mudzimo, n'kufunsa foniyo kuti boliviyano imodzi ndi mapeso angati. Nambala inagwirizana ndendende ndi ya Don Nicanor. Anayesanso mu Ogasiti, anayesa sabata yathayi: mapeso 50 pa boliviyano imodzi, kuchulukitsa ndi 1,400, yankho 70,000. Masamu ankawakhoza kusekondale. Tsiku loyamba lija wina anamuona, nkhani inafika kwa padirino, ndipo anachita kukapepesa atanyamula tchizi chathunthu.

Sabata imeneyo Limbert anaimba kawiri. Rosmery anangomuuza kuti mwana ali bwino, n'kudula. Kenako ankatsegula zithunzi zimene anatumiza, n'kuzikulitsa ndi zala, kufufuza m'makona: nsapato ya mkazi pansi pa bedi, chipeso, kapu yachiwiri. Sanapeze kanthu. Anangoona kuti khosi la mwamuna wake latalika ndipo kolala ya malaya oyera aja ikumuzungulira ngati ya wina. Anadziuza kuti mwamuna amawondanso ndi chibwenzi.

Doña Eulogia ankamuyang'ana akuthira mchere kawiri mumphika umodzi. Lachiwiri la sabata yotsatira anamuitana, n'kumuuza kuti amayi a m'mudzimo alipira minibasi yopita ku Bermejo, kumalire, chifukwa mafuta ophikira ndi ufa watirigu akuti zatchipa tsidya la mtsinje. Anamumangira maboliviyano 200 pakona ya mpango.

"Pita ukapitidwe mphepo, mwana wanga. Ukangokhala muno udzatipha ndi mchere."

Rosmery anali asanamusiyepo Nayeli tsiku lathunthu. Anabwerera kawiri kuchokera pachipata, koyamba kudzanena za madzi owiritsa, kachiwiri kudzanena za galu wa oyandikana nawo, mpaka woyendetsa minibasi anaimba hutala n'kufunsa ngati akupita ku Bermejo kapena kumwamba.

Ku Bermejo kunali kotentha ngati m'ng'anjo. M'mbali mwa msewu wotsikira kumabwato munali mzere wa amayi osintha ndalama, aliyense ndi katebulo kake pansi pa ambulera. Anzake a Rosmery anabalalika, aliyense kwa amene anamuzolowera. Iye anasankha mayi wina wonenepa, wa epuloni ya matumba ambiri, chifukwa anali ndi magalasi ngati a mphunzitsi wake wakale. Masamu anali atawachita kale m'minibasi: 200 kuchulukitsa ndi 50, mapeso 10,000.

Mayiyo ananyowetsa chala, anawerenga mwachangu, n'kumupatsa mpukutu. Rosmery anaufumbata, anayenda mpaka kuseri kwa kagolosale kena, n'kuwerenga. Zinali 26,000. Anawerenganso, zinali zomwezo. Anaganiza kuti mwina n'zachinyengo, anaganiza kuti mwina ndi msampha ndipo apolisi ali pafupi, anaganizanso za mayi uja akupeza madzulo kuti zaperewera. Anapatula 16,000 n'kubwerera.

"Mayi, mwalakwitsa. Mwandipatsa zambiri."

Mayiyo anatsitsa magalasi, anamuyang'ana, anayang'ana ndalamazo, kenako anaseka mpaka matumba a epuloni kumagwedera. Anaitana mnzake wa tebulo lina kuti adzaone chozizwitsa, zaka makumi awiri ali pampandopo anali asanaonepo munthu wobweza ndalama. Rosmery anatulutsa foni n'kumuonetsa nambala ija.

"Iwe ndiwe wa kumapiri, eti? Khala apa, usagwe ndi dzuwa," anatero mayiyo, amene anzake ankamuitana kuti Fidelia. "Mtengo wa pafoniwo ndi wa boma la tsidya lija. Uli ngati chithunzi cha buledi pakhoma: n'chokongola, koma sungadye. Boma limati ndalama yawo ndi yolimba chotero, koma palibe amene amagulitsa kapena kugula pamtengo umenewo kupatula m'mapepala a kubanki. Mtengo woyenda ndi uno. Lero 130. Mawa mwina 135. Peso ili ngati mafuta a nkhumba padzuwa, ukaisunga sabata imodzi upeza yatsala theka la supuni. N'chifukwa chake wanzeru amasunga maboliviyano ake, n'kumasintha pang'onopang'ono zimene adye lero."

Rosmery anasendera pafupi. Anafunsa ngati mitengo iwiriyo yayamba posachedwa, ndipo Fidelia anati ayi, ndi ya zaka, ngakhale wopalasa bwato amaidziwa. Ndiye anafunsa chinthu chimene ankafunitsitsa kudziwa: nanga munthu atabwera ndi 1,400?

Fidelia anadina kamakina kake kowerengera n'kukatembenuzira kwa iye. Panalembedwa 182,000.

Rosmery anapempha kuti amulembere mtengo wa tsikulo papepala. Fidelia analemba kuseri kwa katoni ya mabisiketi, n'kumuyang'anitsitsa.

"Pali wina amene wakhala akukudyerani panjira. Sindikufunsa dzina. Nthawi zonse amakhala wa pakhomo."

Sanawoloke nthawi yomweyo. Anatsikira kumtsinje, anakhala pamwala pomwe panali kamthunzi, n'kuimbira Limbert. Kumeneko foni inkamveka ngati munthuyo ali pafupi, ndipo panalibe apongozi oimirira kumbuyo kudikira kuti nawonso alankhule. Limbert anayankha ali m'khonde la chipatala, mawu ake ochenjera ngati a munthu woyembekeza kukalipiridwa.

"Bambo a Nayeli, ndikufunseni chinthu chimodzi. Mukudziwa kuti timatumiza zingati pa mwezi? M'ndalama ya kwathu."

Limbert anati sanafunsepo. Munthu sungafunse bambo wako kuti mwandipatsa zingati, ngati ukuwalondola ngongole. Koma poona zimene padirino ankamupatsa, ankayerekeza kuti ndi maboliviyano 500 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ankadziwa kuti ngakhale zimenezo akuzipeza movutika. N'chifukwa chake ankachita manyazi kunena kuti sizikukwanira, mpaka mwezi wathawu pamene lendi inakweranso.

"Ndi 1,400," anatero Rosmery. "Kuyambira Malichi."

Rosmery ankamva machira akukokedwa m'khondemo, namwino wina akuitana dzina la wodwala. Miyezi yonseyo iye ankangofunsa kuti zafika kodi, Limbert n'kuyankha kuti zafika, n'kutchula mapeso amene walandira. Wina ankawerenga m'ndalama ya kwawo, wina m'ndalama ya kumene ali, ndipo aliyense ankaganiza kuti mnzake akudziwa.

Kenako zonse zinatuluka. Limbert ankayenda pansi ola lathunthu kupita kuchipatala pofuna kusunga ya basi. Loweruka ndi Lamlungu ankatsitsa makireti a tomato kumsika. Ankadya kamodzi. Lendi anali atatsalira miyezi iwiri. Rosmery anamvetsera, kenako anatseka maso n'kufunsa za mkazi wa mbale uja.

"Mkazi uti? Doña Amalia?" Limbert anayamba kuseka, kuseka kotopa. "Make Nayeli, amenewo ndi eni nyumba. Ali ndi zaka 71. Mano awo amagona m'kapu. Akaphika msuzi amanditsalirako chifukwa amati ndikafera m'nyumba mwawo adzavutika kupeza wina wolowa m'chipindamo."

Rosmery anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya. Wopalasa bwato wina anamufunsa ngati waberedwa. Iye anagwedeza mutu kuvomera, akusekabe, ndipo bamboyo anachoka akung'ung'udza kuti dzuwa la ku Bermejo limapengetsa anthu.

Limbert ankafuna kuimbira bambo ake tsiku lomwelo. Rosmery anamuletsa. Anati mawu a pafoni ochokera kwa munthu amene akumuganizira kale zoipa sangapose mawu a kompadire wokhala patebulo. Adikire.

Anawoloka, anagula, ndipo madzulo minibasi inamutsitsa pachipata ndi thumba la ufa, zigubu ziwiri za mafuta, shuga, mpunga ndi sopo. Nayeli anali bwinobwino, atadzipaka tchizi mpaka m'makutu. Doña Eulogia anazungulira katunduyo kawiri n'kufunsa kuti ndalama ina anaitenga kuti. Rosmery anawakokera m'khitchini, anatseka chitseko, n'kuwaonetsa katoni ya mabisiketi ija.

Doña Eulogia sankadziwa kuwerenga, koma anamva msanga. Anakhala pampando, anagwira pachifuwa, ndipo chinthu choyamba chimene anafunsa sichinali cha ndalama. Anafunsa ngati mwana wawo ali ndi bulangete. Kenako anapukuta m'maso n'kunena kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, akanayenera kutuma munthu wachiwiri kalekale. Koma anamuchenjeza Rosmery kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amuna awowo ndi Nicanor anadula limodzi nzimbe ku Bermejo ali anyamata, anagona pamphasa imodzi. Akangomva kuti mpongozi watchula kompadire kuti wakuba, adzateteza kompadireyo, zoona kapena zabodza.

"Ndiye ndingokhala chete, Mayi?"

"Ayi. Ukafunse ngati wophunzira. Mwamuna wamkulu sakana kuphunzitsa."

Masiku khumi ndi awiri otsalawo anali opepuka modabwitsa. Ndalama zinali zisanabwerere, chigamulo cha Don Hilarión chinali chisanasinthe, komabe Rosmery ankadzipeza akuimba pokulunga mahuminta. Anayambanso kumva njala. Loweruka ku Padcaya anagulitsa onse dzuwa lisanafike paliwombo, n'kugulira Nayeli kasokosi kofiira popanda kufunsa munthu.

Lamlungu lomaliza la mweziwo lole yobiriwira inaima pachipata nthawi ya nkhomaliro. Doña Eulogia anali ataphika msuzi wa mtedza ndi nyama ya mbuzi. Envulopu inali pamalo pake, pashelefu, pansi pa kafano ka Namwali Maria. Rosmery anapereka mbale yoyamba kwa padirino ndi manja awiri, monga mwa nthawi zonse, ndipo anaona kuti wotchi ya pamkono pawo ndi yatsopano.

Don Nicanor anadya bwino. Anamunyamula Nayeli, anamupatsa switi, anasimba za msewu ndi asilikali a pamalire. Atatsala pang'ono kumaliza anapukuta ndevu n'kuuza Rosmery kuti asadandaule, mwamuna wake amubweretsa yekha, ndipo panjira amulangiza ngati mwana wawo.

"Zikomo, padirino," anatero Rosmery. "Koma ndili ndi kafunso, mundiphunzitse, inu mumayenda. Sabata yatha ndinasintha 200 ku Bermejo, anandipatsa 26,000. Ndinaganiza kuti alakwitsa, ndinapita kukabweza, anandiseka. Anati boliviyano imodzi ndi 130. Ndiye mutu wanga wasokonezeka. Pa 1,400 akuti ndi 182,000. Nanga 70,000 ija timaipeza bwanji?"

Anaika katoni ija patebulo, pafupi ndi mchere.

Don Nicanor sanaiyang'ane. Anaseka pang'ono n'kunena kuti amenewo ndi akatangale a mumsewu, munthu waulemu sayendera mitengo yawo, ndipo theka la ndalama zawo n'zachinyengo. Doña Eulogia analoza zigubu za mafuta zili pakona n'kunena kuti ngati zinali zachinyengo ndiye kuti msuzi umene akudyawo ndi wachinyengonso, chifukwa waphikidwa ndi mafuta omwewo.

Don Hilarión anali atasiya supuni. Ankayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene anzake akulankhula chinenero china. Akazi awo anawatembenukira.

"Bambo a Limbert, wailesi ikanena kuti thumba la anyezi ndi 80, inu n'kukapeza ku Tarija akugula 200, mumagulitsa pa mtengo uti? Nanga mutatuma munthu, iye n'kugulitsa 200, n'kudzakupatsani 80 akuti ndi zimene yanena wailesi?"

M'nyumbamo munangomveka Nayeli akuphwanya switi. Don Hilarión anatenga katoni ija, anaitembenuza, anaiika pansi.

"Kompadire, inu mumasinthira kuti? Kubanki kapena pamtsinje?"

Don Nicanor anakankha mbale. Nkhope inali itafiira. Anati iwo sanabe kanthu, anapereka pa mtengo wa boma, ndipo aliyense wofuna apite kwa loya akamve ngati mtengo wa boma ndi mlandu. Anafunsa kuti mafuta a lole amagula ndani, asilikali a pamalire amawadyetsa ndani, ndipo atakumana ndi achifwamba panjira ndani angalire maliro awo. Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Anakumbutsa za oimba a paukwati, za diresi la ubatizo, za chaka cha matalala pamene anabwereka banjali mbewu osalemba paliponse.

"Zonsezo n'zoona," anatero Don Hilarión pang'onopang'ono. "Mukananena kuti yanga ndi yakuti, tikanakupatsani. Ine mu Ogasiti ndinagulitsa mbuzi zitatu za mkaka." Kenako anafunsa osadzutsa mutu: "Nanga mkazi uja, kompadire, anali wa msinkhu wanji?"

"Sindinamufunse zaka."

"Mano anali nawo?" anafunsa Doña Eulogia.

Rosmery analuma mlomo kuti asaseke. Don Nicanor anaimirira, anavala chipewa, n'kunena kuti sanazolowere kuzengedwa mlandu ndi akazi patebulo la kompadire wawo. Anati abweranso mawa m'mawa mitu ikazizira, chifukwa ulendo wa ku Salta ndi wa masana. Podutsa pashelefu anachedwetsa phazi, koma palibe anaimirira kuti akatenge envulopu ija. Lole inalira n'kupita.

Don Hilarión sananene kuti pepani kwa wina aliyense. Sananenenso za khasu. Anangofunsa Rosmery kuti mnyamatayo akudya chiyani, ndipo atauzidwa za makireti a tomato ndi msuzi wa eni nyumba, anatuluka n'kulowera kumunda ngakhale linali Lamlungu.

Dzuwa litapendeka, Rosmery anali kutsekera mbuzi m'khola pamene Doña Eulogia anabwera n'kumulowetsa envulopu ija m'thumba la epuloni.

"Ndikuwadziwa anthu awiriwa," anatero. "Mawa Nicanor abwera ndi chigubu cha vinyo. Akumbutsana za nzimbe, alira, akumbatirana, alonjeza kuti ulendo uno apereka zonse. Apongozi akowa sangathe kumuuza kuti ayi ali m'nyumba mwawo. Ikapezeka pashelefu, ipita. Ukaipereke wekha kwa Limbert."

Rosmery anagwira envulopuyo kunja kwa nsalu. Anali asanayendepo ndi ndalama zochuluka chotero. Anaganiza za akuba m'basi, za mwana kutentha thupi panjira, za zimene mudzi unganene za mpongozi wotenga ndalama za apongozi n'kuthawa nazo. Nayeli analibenso chikalata chowolokera malire, ndipo kumusiya masiku atatu sakanatha. Anazinena zonsezo, chimodzichimodzi, ndipo Doña Eulogia anangomvetsera.

Ali mkati molankhula, Don Hilarión anatulukira kuchokera kumunda. Anaima pampanda wa khola, anawerenga mbuzi ndi chala ngakhale ankadziwa kuti zilipo zingati. Maso awo anadutsa pathumba la epuloni lotupalo osaimapo.

"Msana ukundipweteka," anatero, akuyang'ana mbuzi. "Mawa ndidzuka mochedwa. Zochitika tambala asanalire ine sindizidziwa, ndipo kompadire akandifunsa ndidzamuuza zoona, kuti sindinaone kanthu." Anatembenuka kuti azipita, kenako anawonjezera: "Lole ya anyezi ya ana a Benedicta wa m'mudzi muno, yopita ku Bermejo, imadutsa pamphambano folo koloko. Kumsewu kumazizira. Mwana avale zokwanira."

Rosmery anakwera kuchitunda cha kutchalitchi kusanade. Anauza Limbert kuti apemphe tsiku limodzi kuchipatala, abwereke ya basi kwa Doña Amalia, akumane pamtsinje ku Bermejo masana. Limbert ndiye awoloke, adzaone mwana wake. Adzasintha za lendi ndi za sabata imodzi zokha, zotsalazo azisunge m'maboliviyano. Limbert anafunsa ngati bambo ake avomera.

"Akuti msana ukuwapweteka," anatero Rosmery.

"Nanga iwe, suopa?"

"Ndikuopa kwambiri. Ndinyamuka folo koloko."

Anatsika chitundacho mofulumira, chifukwa panali mahuminta oti akulunge, ndipo munthu wodya kamodzi patsiku sangamupitire chimanjamanja.